Phulusa la Lachisanu

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, poti m'nyumba ya siwa munthu sugona, umangotsamira khoma n'kutseka maso. Amayi a kumpingo anali ataimba mpaka mawu kusasa, ndipo tsopano anali atagona mothithikana pamikeka. Alamu anga, akazi a malemu, anali chikhalire pambali pa bokosi, maso ali pakhoma. Ndinawafunditsa chitenje n'kutuluka panja.

Amene tinkaika tsiku limenelo anali achimwene anga, omwe ine ndinawaponda pamutu. Anagwa kudimba Lachiwiri akuthirira tomato, ndipo Lachitatu madzulo anatisiya kuchipatala osatsanzika ndi munthu. Tsopano linali Lachisanu, kumayambiriro kwa Novembala. Kunali kutatentha masabata ambiri, moti ngakhale m'bandakucha mpweya unali wofunda. Adzukulu anali akunyamuka kupita kumanda ndi makasu ndi mapiki, akudandaula motsitsa mawu kuti nthaka yauma, ntchito itenga nthawi.

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kuti ndikasukusule, ndipo maso anga anagwera pamene sindinkafuna kuyang'ana. Kumunsi kwa nyumba ya achimwene, panjira yopita kusekondale yathu yoyendera, pali bwalo la mpira wamanja. Mumdima uja ndinkangoona mitengo iwiri ya bulugamu itaima, umodzi uku wina uko, uliwonse ndi kachitsulo kake kozungulira pamwamba. Ambiri amayesa kuti bwalolo ndi la sukulu. Si la sukulu. Ndi munda wa malemu amayi athu, chigawo chimene achimwene analandira. Iwo sanali mphunzitsi, sukulu analekera sitandade 8. Anangoona atsikana akusewera pamiyala kuseri kwa makalasi, maondo ali magazi okhaokha, basi n'kusalaza munda wawo n'kuzika mitengo. Woyamba kuwanyoza ndinali ine. Ndinkawafunsa chaka ndi chaka ngati mpirawo tidzauthire mchere mu Febuluwale, iwo n'kumangoseka.

Dzulo lake madzulo, achimwene aakulu, eni mbumba yathu, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Nkhani za minda zimayenera kudikira mpaka titasesa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Koma anati mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mchinji, sitingadikire. Mwana wanga wamwamuna anabwerako ku Lilongwe mu Ogasiti ntchito itatha, ndi mkazi ndi khanda, ndipo ankagona m'khitchini mwanga alibe ngakhale mzere umodzi woti n'kulima. Munda wa amalume ake, mwa mwambo wathu, unali wake. "Panopa khasu silingalowe, ana aja anapaponda mpaka pauma ngati simenti," anatero. "Koma mvula ikangogwa, mnyamata wanu agalauze." Ndinayankha kuti ndamva. Ndikanatinso chiyani? Mdzukulu wanga ayenera kudya. Koma mwana wanga wamkazi, wa fomu 3, ndi amene amasewera pakati pabwalo limenelo, ndipo patangotsala masabata awiri kuti sukulu ina ya m'tauni ibwere kudzasewera nawo pomwepo.

Kutayamba kuyera, amayi anasonkha moto m'mafuwa pansi pa mitengo ya mango. Utsi sunkakwera, unkangoyandama m'mitu mwa anthu. Anyamata anaika masamba pamsewu, ndipo njinga zinayamba kufika, eni ake akutsika patali n'kumakankha. Anabwera a ku Kabudula, a ku Kasiya, a ku Msundwe, ena a ku Namitete pa lole yonyamulira fodya. Bambo wachisilamu wa golosale ya pa Nsaru, amene anawasokera atsikana aja mayunifomu awo oyamba, anafika m'mawa kwambiri kuti akapezenso mapemphero a masana. Anakhala pansi pakati pa amuna, chipewa chili pamutu. Sindinkadziwa kuti mlimi wa tomato angaitane anthu ochuluka chonchi.

Madzi anayamba kuchepa, ndipo atsikana a timu ndi amene anapita kumjigo. Alipo asanu ndi awiri basi. Sanagawane ntchito, sanakambirane. Mmodzi ankapopa, enawo anaima motalikirana kuchokera pamjigo mpaka pamigolo, ndowa n'kumayenda kuchoka m'manja kulowa m'manja. Wamtali uja womwetsa zigoli ankalandira ndowa yodzaza ali cheukire kwina, akupukuta misozi ndi phewa, osataya ngakhale dontho.

Ine ndinali nditakhala pakhonde ndi anamfedwa anzanga. Bambo wina wovala jekete, nsapato zake zitayera ndi fumbi, anabwera kudzagwada kupepesa. Anati ndi mphunzitsi wa zamasewero kusukulu ina ya m'tauni, imene atsikana athu anaichinya chaka chatha pabwalo lake lomwe la simenti. Atapepesa sanachoke. Anayang'ana mzere wa ndowa uja nthawi yaitali.

"Mayi, kodi malemuwa ankawapatsa chiyani anawa?" anafunsa monong'ona. "Ife tili ndi atsikana mazana, timasankha, tili ndi nsapato ndi mipira yeniyeni. Koma tinachita manyazi."

"Palibe chimene ankawapatsa, bambo," ndinatero. "Mwina chinangwa chophika."

Anaseka pang'ono, kenako anakumbukira pamene ali n'kudziletsa. Tsiku lina ndikanamuuza zambiri. Ndikanamuuza kuti ana amenewa anayamba kuponyerana mpira wa mapepala asanayambe n'komwe sitandade 1, ndipo aliyense amadziwa dzanja la mnzake monga adziwira njira ya kwawo. Amayenda mtunda wautali kupita kusukulu, amaponyerana njerwa pa uvuni, amasenza chimanga kuchokera kumunda, ndiye a m'tauni akamapuma wefuwefu iwo amakhala akungoyamba kumene. Achimwene ankati m'tauni amasankha osewera, kuno sitisankha, amene alipo ndi yemweyo. Wina akadwala malungo, amayi a mnzake ndi amene amamuphikira phala kuti achire msanga, chifukwa wolowa m'malo mwake palibe. Ndipo ukaphonya chigoli, amene wakuona si mlendo. Ndi azakhali ako, ndipo mukumananso pamjigo mawa m'mawa. Koma tsiku limenelo ndinkadziwa zimene bamboyo sankadziwa.

Panalinso nkhani ya phulusa. Achimwene analibe laimu wolembera mizere ya bwalo. Ndiye Lachisanu lililonse m'mawa ankayenda ndi wilibala khomo ndi khomo, ndipo mayi aliyense ankawasungira phulusa la sabata yonse m'chitini, n'kuchiika panja pafupi ndi chitseko. Ankalisefa, n'kulithira m'chitini chawo cha mafuta ophikira chimene anachiboola ndi msomali pansi, n'kumayenda chobwerera m'mbuyo akuchigwedeza. Chingwe sankagwiritsa ntchito, miyezo yonse inali m'mapazi mwawo. Wina atawapatsa thumba la laimu anakapaka khoma la chimbudzi. Ankati mayi amene phulusa lake lili pabwalo sangakhale pakhomo Loweruka, ndipo sangatume mwana wake kuchigayo nthawi ya masewero. Ndinkati ndi nthabwala zawo chabe, koma ineyo sindinajombepo.

Dzuwa litafika pamutu, adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Anthu anadya mofulumira. Mapemphero anachitikira panja, abusa akupukuta thukuta ndi mpango. Oyankhula anayankhula, aliyense akutchula za bwalo. Aphunzitsi aakulu anati sukulu sidzaiwala mphatso ya malo imene malemu anapereka, anthu n'kuvomereza ndi mitu. Ndinayang'ana achimwene aakulu. Iwo ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Mwana wanga wamwamuna anali kumbuyo kwawo, nayenso mutu uli pansi. Kumadzulo mitambo inali itada, ndipo kamphepo kanayamba kugwedeza nkhata za maluwa pabokosi.

Tinanyamuka. Njira ya kumanda kwathu imadutsa pakati pamudzi, ndipo ine ndinali kumbuyo kwa bokosi, amayi awiri atandigwira m'mikono. Titadutsa nyumba yoyamba ndinaona chitini pakhomo, chodzaza ndi phulusa. Nyumba yachiwiri, chitini. Yachitatu, kabeseni kothyoka m'mphepete. Palibe amene anapangana. Amayi aja anadzuka kusanache, mitima ili kumaliro, manja awo n'kuchita zimene amachita Lachisanu lililonse. Mayi amene anandigwira kumanja anaona chitini chake pakhomo pake, anagwira pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo ndine amene ndinkamugwira iyeyo. Mpaka kumapeto kwa mudzi zitini zinali ndandanda kudikira wilibala. Apo m'pamene ndinalira kulira kwenikweni. Kulira kwa masiku awiri apitawo kunali kwa mwambo chabe.

Za kumanda sindikumbuka zambiri. Dothi linali lofiira ndi louma, ndipo linkagunda bokosi mwaphokoso. Atsikana aja anaika nkhata yawo onse pamodzi. Wezulo imene amalume ake ankaimbira mpira mwana wanga wamkazi anaigwira m'manja mpaka pomaliza, ndipo adzukulu atamufunsa ngati akufuna ilowe nawo, anapukusa mutu n'kuiika m'thumba.

Pobwerera anthu anasamba m'manja n'kuyamba kutsanzika, akuyang'ana kumwamba, aliyense akufuna kukafika mvula isanamupeze. Lole ya ku Namitete inanyamuka. Ndinamva kulira kwa wilibala, kuja kwa tayala losowa mafuta kumene mudzi wonse umakudziwa, ndipo ndinacheuka ngati chitsiru, kuyesa ndi achimwene. Anali atsikana aja. Anali atatolera zitini zonse, ndipo anatsikira nazo kubwalo akadali ndi zitenje za kumaliro.

Ndinawatsatira n'kuima m'mphepete. Mizere yakale inali itafufutika ndi mapazi a anthu obwera kumaliro. Mwana wanga wamkazi anagwira chitini choboola chija n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo. Mzere unatuluka wokhota ngati njira ya ng'ombe. Anaufufuta ndi phazi, n'kuyambiranso.

"Amayi, kuchoka pamtengo kufika pamzere woyamba, amalume ankaponda kangati?"

Sindinkadziwa. Zaka zonsezi ndinkawaonerera ndili pakhonde, ndikuwaseka, osawerenga ngakhale tsiku limodzi. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga. Mchimwene wake anali ataima pamenepo, manja ali kumbuyo, akuyang'ana nthaka monga mlimi amayang'anira nthaka. Nkhani za kuseri kwa nkhokwe sizikhalitsa kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, ndi zoona eti?" anafunsa mtsikanayo.

"Tikambirana mawa," ndinatero.

"Nanga ine ndikalime kuti, amayi?" Mnyamatayo sanakweze mawu. Mitengo iwiri ija anathandiza kuzika ndi iyeyo ali wamng'ono, ndipo ndikudziwa kuti ankakumbukira.

Ndinabereka onse awiri. Ndinaganiza zopita kwa achimwene aakulu, koma ndikanawapempha chiyani? Munda wina kulibe. Wanga ndi wochepa, sutifikitsa n'komwe Januwale. Munthu yekhayo amene akanatha kunena kuti malowa asiyeni, anthu n'kumumvera uku akumuseka, tinali titamukwirira masana omwewo. Ndinabwerera kunyumba. Atsikana anatsala akulemba mizere yawo yokhotakhota mpaka phulusa linatha.

Madzulo nyumba ya achimwene inali zii. Mabenchi a kutchalitchi anali atabwezedwa, mafuwa atazizira. Alamu anga anagona tulo koyamba chichokereni Lachiwiri, nsapato zili kumapazi. Ine ndinakhala pakhonde, ndipo mwana wanga wamkazi anabwera kudzakhala pambali panga, manja ndi miyendo zili mbuu ndi phulusa. Chitini chija anachiika pamalo pake, kuseri kwa chitseko. 

Mphepo inaleka. Kenako dontho linagunda lata, lina, linanso, ndipo fungo la dothi lonyowa linakwera. Moyo wanga wonse fungo limenelo ndalilandira ndi chimwemwe, ndipo masabata onsewa ndinkalipempherera pamodzi ndi anzanga. Tsiku limenelo ndinaliopa. Kunali kusanade kwenikweni, ndipo tinkaona bwalo lonse kumunsi, mizere yoyera ikuda, kenako ikusungunuka n'kutsetsereka ndi madzi.

Kuchokera kukhitchini kwanga, kupyola phokoso la mvula, kunamveka kugogoda. Go, go, go. Mwana wanga wamwamuna ankakhomera khasu mumpini. Ankagogoda pang'onopang'ono, ngati munthu wosafuna kumveka, koma mlongo wake anamva. Anatulutsa wezulo ija m'thumba, anaipukuta ndi chitenje, n'kuiika m'manja mwanga.

"Sungani ndinu, amayi," anatero, n'kulowa m'nyumba.