Mbama Imene Twaibu Sanamenye

Mukafika pa Khombedza n'kufunsa za a Misheck Kamwendo, anthu amayamba aseka kaye asanakulozereni. Ndi bambo wamfupi, wa zaka makumi asanu ndi kanthu, wokonza njinga za akabaza kuseri kwa msika. Lamlungu masana amavala kabudula wakuda n'kukhala oyimbira mpira mu ligi yathu ya m'midzi. Chimene anthu amasekera n'chakuti bamboyu sakhulupirira munthu. Wakabaza akawauza kuti chubu changophulika chokha, iwo amamuyang'anitsitsa mpaka aulule kuti ananyamula matumba angati a makala.

Pa bwalo la mpira ndiye zimanyanya. Madzi a timu ya pakhomo samwa, amayenda ndi kabotolo kawo. Asanayambitse masewero amayenda pamzere wa golo akufukula mchenga ndi nsapato, kufunafuna zithumwa. Akazi awo, mayi Margret, amati ukawayamikira kuti lero mwatchena, amayamba kuganiza kuti ukufuna chiyani. Ine dzina langa ndi Rute, ndimaphunzitsa pa pulayimale, ndipo ndakhala mlembi wa komiti ya ligiyi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinkawaseka nawo kwambiri a Misheck, sindikana.

Wezulo anaitenga bondo lawo litaguluka akadali anyamata, poti panalibe wina woifuna. Pa ntchito yopanda wothokozayi atukwanidwapo mpaka makolo awo, ndipo tsiku lina anathamangitsidwa mpaka kukabisala m'munda wa chinangwa. N'chifukwa chake anali iwo amene anatiumiriza kukhazikitsa lamulo: woopseza oyimbira akhale panja masewero asanu, womenya akhale zaka ziwiri osaponda bwalo. Lamulolo ankalinyadira ngati mwana wawo.

Tsono matimu a kugombe ali ndi kachitidwe kawo. Wosewera aliyense amakhala ndi khadi la dzina lake ndi chithunzi chake. Koma chilumba cha Mbenji chikatsegulidwa mu Epulo, theka la timu limakwera maboti kukapha utaka, miyezi osabwerako. Makhadi amatsala m'chikwama cha kochi, ndipo amene ali pamudzi amangovala jezi n'kusewera pa dzina la amene ali ku chilumba. Aliyense amadziwa, palibe amanena. Zithunzi zake zinafufuma kale ndi thukuta, moti ngakhale ine ndikhoza kusewera pa khadi la munthu wa ndevu. A Misheck, ndi kukayikira kwawo konseko, apa pokha ankatsinzina, chifukwa akanati aumitse mutu ligi ikanamathera mu Epulo.

Mu Juni chaka chatha anapita kukayimbira masewero a timu ya kugombe yotchedwa Mcheni. Kutatsala pang'ono kuti mpira uthe, anakana chigoli cha Mcheni, ndipo wovala jezi nambala 9 anathamanga kuchokera kugolo n'kuwawomba mbama anthu onse akuona. A Misheck anatulutsa khadi lofiira. Kochi wa Mcheni sanadikire n'kufunsidwa komwe, anabwera yekha ndi khadi la nambala 9. Khutu likulira, iwo anakopera dzina limene linali pamenepo, Twaibu Saidi, n'kupereka lipoti kwa wapampando wa komiti pompo.

Mtima utakhala pansi ndi pamene anazindikira chimene achita. Twaibu ankamudziwa bwino: msodzi wa zaka makumi atatu ndi chimodzi, womwetsa zigoli kuposa wina aliyense kugombe konse, amene sanaonetsedwepo ngakhale khadi lachikasu. Tsiku limenelo Twaibu anali ku Mbenji. Wowamenya anali Elliot, mwana wa a Chimbalanga, eni timu ya Mcheni, amenenso ndi eni boti limene Twaibu amagwirako ntchito. Zaka ziwiri kwa munthu wa msinkhu wa Twaibu ndiye kuti mpira watha basi.

Lolemba m'mawa anandipeza kusukulu, manja ali ndi girisi. Ndinawauza kuti asadandaule, tikakumana Loweruka dzinalo tikakonza, ndi nkhani ya cholembera chabe. Iwo anapukusa mutu. Anandifunsa chifukwa chimene kochi anathamangira kubweretsa khadi asanafunsidwe, pamene masiku onse amachita kumukoka. Ndinawauza kuti ayambanso zawo zija.

Lachitatu a Chimbalanga anafika okha pamene a Misheck amakonzera njinga, ndi beseni la utaka wouma, ati kudzapepesa m'malo mwa timu. Anapepesa nthawi yaitali, koma dzina la Elliot silinatuluke m'kamwa mwawo. Ankangoti mnyamata wathu, mnyamata wathu. A Misheck anabweza besenilo, zimene zinawakwiyitsa mayi Margret sabata yathunthu. Lachisanu tinamva kuti boti latumidwa ku Mbenji kukatenga Twaibu. Ine ndinasangalala, ndinati akubwera kudzayeretsa dzina lake. A Misheck anandiyang'ana ngati ndine mwana wa Sitandade 1, n'kunena kuti sanaonepo mwini boti akuwotcha petulo kuti ayeretse dzina la wantchito.

Tinakumana Loweruka m'kalasi mwanga, akuluakulu asanu a komiti atapanikizana pa madesiki a ana. A Chimbalanga anakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo. Elliot kunalibe, ati wapita ku Lilongwe. Twaibu analowa atavala malaya ochapa bwino, khungu la m'manja litang'ambika ndi zingwe za ukonde. Wapampando anawerenga lipoti n'kumufunsa ngati ali ndi mawu.

"Ndine ndinamenya," anatero Twaibu akuyang'ana pa bolodi. "Ndinapsa mtima. Ndikupepesa kwa a Kamwendo ndi kwa akuluakulu nonse."

A Misheck anaimirira osapatsidwa mpata. Anauza komiti kuti munthuyu sanawamenyepo, kuti anali ku chilumba, ndipo wowamenya ndi Elliot amene anasewera pa khadi losakhala lake. Anawonjezera kuti iwo anaona zimenezo masewero asanayambe n'kuzilekerera, choncho ngati pali wofunika chilango, komiti iyambire pa iwo. Aliyense m'kalasimo ankadziwa kuti buku lathu la malamulo limati timu yoseweretsa munthu wosalembetsa ichotsedwe mu ligi, ndipo mwa akuluakulu asanuwo, atatu anali ndi matimu ochita zomwezo.

Kenako a Misheck anatembenukira kwa Twaibu.

"Iwe Twaibu, ndiwe munthu wopita ku mzikiti. Lumbira pano kuti unandimenya ndiwe."

Twaibu sanalumbire. Anayang'ana kumbuyo kumene kunali a Chimbalanga, kenako pansi.

"Ndanena kale, bambo," anatero.

Wapampando anatsokomola n'kunena kuti munthu wamkulu wavomera yekha pamaso pa anthu, ndipo lipoti lolembedwa ndi dzanja la oyimbira likugwirizana naye. Anati mwina mbamayo inawasokoneza a Kamwendo, ndipo pajatu tonse tikuwadziwa kuti amakayikira chilichonse. Anthu anaseka, kuseka kwa anthu amene apeza potulukira. Ine sindinaseke, koma sindinayankhulenso, ndipo zimenezo zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinali ndi pakamwa ngati wina aliyense, koma ndinangoweramira m'kope langa. Manja anayi anakwera, wachisanu anayang'ana pawindo. Twaibu Saidi, zaka ziwiri.

Ndikutseka chitseko cha kalasi ndinawaona awiriwo pansi pa mtengo wa mango pamene a Misheck anatsamiritsa njinga yawo. A Misheck anamufunsa Twaibu mwaukali kuti amulonjeza chiyani, kapena amuopseza ndi chiyani, kuti ataye mpira wake chifukwa cha mwana wa eni ake. Twaibu anayankha mosakweza mawu kuti palibe amene wamuopseza. Anangouzidwa m'boti muja kuti timu ikachotsedwa mu ligi, kapena dzina la Elliot likamveka, abwana adzakhumudwa, ndipo anthu ofuna malo ake pa ukonde ndi ambiri. Anati ali ndi ana atatu, ndipo anawo sadya zigoli.

A Misheck anati akalemba kalata ku boma, akanena zonse. Twaibu anawagwira dzanja ndi manja ake onse awiri n'kuwapempha kuti asatero, chifukwa boti likubwerera ku Mbenji m'mawa mwake ndipo iye akufuna akhalemo. Kenako Twaibuyo anafunsa ngati munthu wofunsa njira:

"Koma tandiuzani, bambo, ndinakumenyani tsaya liti? Anzanga ku chilumba akandifunsa, ndisakasokoneze."

A Misheck anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kugwira tsaya lakumanzere. Twaibu anagwedeza mutu, anathokoza, n'kuuyamba wa kumsewu kumene galimoto ya a Chimbalanga inkamudikira. Kalata yomuletsa kusewera ndinailemba ine Lolemba, ndipo dzina lake ndinalilemba bwinobwino, osalakwitsa.