Sizitheka, Titsitse

Linali Lachinayi pa 14 Ogasiti 2014, cha m'ma faifi koloko madzulo, pamene aphunzitsi a mwana wanga wamkazi anandiuza kuti masamu akapanda kusintha, mwanayo abwereza giredi faifi. Ndinali nditangoweruka ku Umhlanga, kumene ndinkalondera pageti la mafuleti, ndipo ndinali ndikadali mu yunifolomu. Aphunzitsiwo anali mayi wachizulu, wachikulire, wosazungulira polankhula. Anati pa maphunziro ena onse mtsikanayo ali bwino, koma samu yogawa ikatalika amangoyang'ana pepala mpaka nthawi kutha. Anandifunsa ngati kunyumba kuli womuthandiza. Ndinayankha m'Chingerezi, mawu ochepa, kuti ndilipo ine.

Mawu ochepa chinali chizolowezi chathu. Tinkakhala ku Point, mumzinda wa Durban, m'chipinda chimodzi chogawa ndi katani, m'nyumba yosanja momwe munalinso anthu a ku Congo, a ku Tanzania ndi Amalawi anzathu. Titaona mmene alendo ochokera kumaiko ena anazunzidwira kuno mu 2008, ine ndi mayi ake tinaika lamulo loti Chichewa chizithera pachitseko. Mu tekisi osalankhulana, foni ikalira osayankha. Mwanayo anabwera kuno ali kumsana, ndipo Chizulu chake sichinkasiyana ndi cha anzake. Dzina la bambo anga ndi lachingoni, la ku Ntcheu, ndipo kunonso limapezeka. Choncho ana a m'kalasi mwake sankadziwa kumene tinachokera. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi, kuti amalize sukulu konkuno. Ndinalekeza folomu folo, ndipo ndinkafuna iye adzapitirire pamenepo.

Tinayamba Lamlungu lotsatira, patebulo pamene mayi ake, amene ankasoka zovala, ankadulira nsalu. Ndinayesa kaye kufotokoza m'Chingerezi monga zinalili m'buku lake. Ndinkapunthwa, iye n'kumayasamula. Kenako ndinangodzimva ndikulankhula monga ankalankhulira aphunzitsi anga ku pulayimale, bambo amene ankagogoda bolodi ndi rula pa liwu lililonse: gawa, chulukitsa, chotsa, tsitsa. Ndinalemba 432 kugawa ndi 6, n'kuyamba. Sikisi mu folo, sizitheka. Sikisi mu fote-firii, seveni, kutsala wani. Titsitse thuu.

Mwanayo anaseka, koma anatola pensulo. Pa samu ina tinafika pochotsa nambala yaikulu pa yaing'ono, ndipo ndinati sizitheka, tibwereke kwa aneba.

"Aneba ake ati, adadi? A ku Congo aja? Aja satsegula n'chitseko chomwe."

"A kumanzerewo. Lemba."

"Akakana?"

"Sakana. Lemba."

Mayi ake, ali pa makina, anati mwana ameneyu pakamwa sanatengere kwa ine.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse masana tinkakhala patebulopo, ndipo masiku ena ndikaweruka msanga. Tinachoka pa kugawa, tinalowa mafulakishoni, kenako madesimo. Zonse ndinkamuuza m'mawu omwe ndinaphunzirira ine, chifukwa ena ndinalibe. Iye anazolowera kugogoda tebulo ndi pensulo, milomo ikugwedera. Ndinkasangalala kuona milomoyo, chifukwa ndinkadziwa pamene wafika ngakhale osayang'ana pepala. Chaka chitatha anakhoza, analowa giredi sikisi, ndipo aphunzitsi a masamu anali omwe aja. Nditakumana nawo pageti la sukulu anandigwira chanza ndi manja awiri. Anati tsopano ana ena akasokonezeka, amaitana mwana wanga kuti awaonetse pabolodi.

Mu Epulo 2015 zinthu zinaipanso mu Durban. Timashopu ta alendo tinathyoledwa, anthu ena anathawira kumatenti, ndipo m'nyumba yathu tinkagona titatsekera chitseko ndi tebulo lomwe lija. Ine kuntchito ndinkapitabe, chipewa chili pamaso. Sukulu zitatsegulira, mayi ake anafuna kuti mwana ayambe wakhala kunyumba. Mwanayo anakana. Anati palibe amene amamudziwa, ndipo akajomba m'pamene anzake ayambe kufunsa. Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo ndinamulola.

Tsiku lina sabata yomweyo ndinafika madzulo n'kumupeza atakhala pabedi, akadali mu yunifolomu. Kolala ya malaya inali yong'ambika, chikwama panalibe. Sankalira. Mayi ake ndiwo anandifotokozera, motsitsa mawu, ataima pakatani.

Aphunzitsi anamuitana kutsogolo kuti agawe samu yaitali. M'kalasi munali zii. Anatenga choko, anayamba kugogoda bolodi, ndipo mawu anatuluka okha, momveka: sizitheka, titsitse. Mnyamata wina wa kutsogolo anafunsa kuti chimenecho n'chilankhulo chanji. Wina anatchula dzina lija amatitchulira ife alendo, ndipo kalasi yonse inaseka. Aphunzitsi anawakalipira, nkhani inaoneka ngati yatha. Poweruka, gulu la ana linamutsatira mumsewu likuyerekeza mawu aja. Pakati pawo panali mtsikana amene ankadyera naye limodzi pa buleki chiyambire giredi wani. Anamukoka malaya, anamulanda chikwama n'kuchiponya kuseri kwa mpanda. Mnyamata wina wamkulu, wosavala yunifolomu, anamulondola chapatali mpaka anaona khomo limene analowa.

Ndinakhala pafupi naye. Iye ndiye anayamba kulankhula.

"Ansala inali yokhoza, adadi."

Ndinati ndikudziwa.

Titadya, ndinasesa tinsalu patebulo n'kumuitana. Maganizo anga anali akuti vutoli n'lokonzeka. Ndinamulembera samu yosavuta, yoti masiku onse amamaliza ndisanakhale n'pansi, ndipo ndinamuuza kuti ayipeze atatseka pakamwa. Anaika dzanja lamanzere pamilomo. Pensulo inalemba nambala yoyamba, kenako inaima. Anafufuta, anayambanso, inaimanso pamalo omwewo. Ndinati ayesere m'Chizulu kapena m'Chingerezi, chamumtima. Anayesa. Anachulukitsa pofunika kuchotsa, anaiwala kutsitsa, ndipo pomaliza anangokhala akuyang'ana pepala monga aphunzitsi ake ananenera tsiku loyamba lija.

"Ndikatseka pakamwa zikuthawa," anatero.

"Yesanso."

"Abambo, musiyeni mwanayo," anatero mayi ake. "Kaya aphunzire kugawa ndi maso okha, anthu amumva kale."

Tili choncho foni yanga inalira. Anali aphunzitsi aja. Anapepesa, ndipo ndinamva kuti akupepesa zochokera pansi pa mtima. Anati iwo ankadziwa kuyambira kale kumene tinachokera, ndipo sanauzepo munthu. M'kalasi angathe kumuteteza, koma mumsewu alibe mphamvu, ndipo makolo ena anali atayamba kale kuwaimbira kufunsa za mwanayo. Anandilangiza kuti ayambe wakhala kunyumba. Nditafunsa kuti mpaka liti, anati sakudziwa.

Mayi ake anali ataganiza kale. Anati kuli mayi wina wa kwathu, wogula katundu kuno kukagulitsa ku Malawi, amene amanyamuka kumapeto kwa sabata, ndipo iwo ndi mwana angathe kupita naye mpaka ku Ntcheu kwa mchemwali wanga. Ndinatsutsa. Ndinati mwanayo Chichewa amangolankhula, kuwerenga amachita kugwiragwira, ndipo kumeneko akamubweza kalasi imodzi, mwina makalasi awiri. Ndinatinso zimenezi zimadutsa, zinadutsa mu 2008. Iwo anayankha kuti mu 2008 palibe amene anamulondola mwana mpaka pakhomo.

Mwanayo ankamva zonse kuseri kwa katani. Anatulutsa mutu n'kufunsa ngati ku Malawi amagawa chimodzimodzi. Ndinati inde, mawu ake ndi omwewo, ndipo kumeneko angathe kuwanena mokweza. Anabweza mutu, ndipo ndinamumva akuvula nsapato za sukulu n'kuzikankhira kunsi kwa bedi.

M'mawa mwake sindinavale yunifolomu. Ndinatumiza uthenga kuntchito kuti ndichedwa, ndinachotsa tebulo pachitseko, n'kuuza mayi ake kuti alibwezeretse ndikatuluka. Ndinayenda wapansi kulowera m'tauni. Mashopu ambiri anali otseka, ndipo pakona iliyonse panali galimoto ya apolisi. Mayi wa malonda uja ndinamupeza m'chipinda chake kumtunda kwa sitolo ina, akumanga mabulangete m'zikwama zikuluzikulu zamizeremizere. Anandiyang'ana, anayang'ana pakhomo, kenako anandilonjera m'Chichewa chapansipansi.

"Mwalawira bwanji, achimwene? Mukutumiza katundu?"

"Anthu awiri, achemwali. Mayi ndi mwana."

"Mwana uja wa sukulu?"

Ndinavomera ndi mutu. Sanafunse zambiri. Anati malo apezeka, koma chikwama chikhale chimodzi, chifukwa ofuna kupita achuluka. Ndinathokoza. Pobwerera ndinadzera njira ya kusukulu, ndinapeza mpanda uja, ndipo ndinapempha mlonda wa pamalopo, m'Chizulu changa chopereweracho, kuti andilole nditole chikwama cha mwana wanga. Chinali m'maudzu, chonyowa ndi mame, mabuku ali momwemo. Ndinachikutumula, n'kuchinyamula kupita nacho kunyumba.