Misere ya M'thumba la Jekete

Jekete la bambo anga linkanunkha gaga. Mayi ankalichapa mpaka manja kuyera, koma likangouma fungo lija linkabwerera, ndipo tikalowa m'nyumba yathu ya ku Mabvuku mu Harare tinkadziwa ndi mphuno ngati bambo afika kapena ayi. Ankagwira ntchito yosesa pa chigayo china chachikulu ku Graniteside. Misere yogwa pansi ankaloledwa kutola, ndiye thumba lakumanja la jeketelo silinkasowa kanthu. Anzanga ankapisa m'matumba a abambo awo n'kupeza maswiti. Ine ndinkapeza chakudya cha abakha.

Bambo anali munthu wosayankhula. Anabadwira mu Harare momwemo, kwa makolo ochokera ku Malawi, koma Chishona chawo chinkamveka Chichewa, ndipo anyamata a m'makombi, maminibasi a kuno, ankawayeserera kayankhulidwe anthu n'kumaseka. Pa mzere wotunga madzi munthu ankatha kuwadumpha ndi zigubu zake, iwo n'kungoyang'ana nsapato. Zinkandikwiyitsa zimenezo, moti nthawi zina ndinkachita manyazi kuyenda nawo.

Koma Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi ankasanduka munthu wina. Tinkadutsa minda ya chimanga ya kumapeto kwa nyumba, n'kutsetserekera ku kadamu kozunguliridwa ndi bango. Kumeneko kunkakhala abakha am'tchire a nkhope zoyera, amene akamauluka amaimba mluzu ngati ana asukulu. Pakati pawo panali mmodzi wa phiko lopindika, nthenga zake zitatulukira kunja ngati sipoko za ambulera yothyoka. Bambo anamutcha Mlamu, akuti poti amadya osathokoza monga amalume anga. Anandiuza kuti phikolo linapindika bakhayo ali mwana chifukwa cha buledi amene anthu ankaponya. Buledi amakhutitsa msanga, bakha amaleka kufuna udzu ndi tizilombo, ndipo buledi wotsala amaolera m'madzi.

Akangoona munthu akung'amba buledi m'mphepete mwa madzi, bambo amanyazi aja ankamupitira mosazengereza. Ankavula chipewa, n'kupisa m'thumba.

"Pamusoroi, pepani bambo, chingwa chimenecho, bulediyo, chimawapweteka. Tambasulani dzanja, muwaponyere izi."

Ena ankaseka, ena ankawafunsa ngati abakhawo ndi a kwawo ku Malawi. Koma ambiri ankatambasula dzanja, chifukwa n'kovuta kukalipira munthu amene akukupatsa kanthu. Ine pamenepo ndinkaima chilili pambali pawo, ndikumva kukoma kuti ndine mwana wawo.

Chilimwe cha chaka chimene ndinali mu giredi folo chinali choopsa. Mipopi inauma, fumbi linkalowa mpaka m'mabuku, ndipo kadamu kaja kankaphwa sabata ndi sabata, kusiya matope ong'ambika onunkha nsomba. Abakha ena anayamba kuchoka m'magulumagulu kukafuna madzi ambiri. Mlamu ankathamanga pamadzi akukupiza phiko limodzi, anzake n'kumusiya. Nthawi yomweyo chifuwa cha bambo chinakula. Anaonda mpaka jekete linkaoneka lobwereka, ndipo tsiku lina mayi anaitana galimoto ya aneba kuti iwatengere kuchipatala. Asanakwere anakoleka jekete kuseri kwa chitseko n'kundiitana.

"Esinati, Mlamu ndakusiyira iwe. Asadye buledi. Ndikatuluka ndimupeze."

Ndinamva ngati tapangana. Ana sankaloledwa kulowa mu wodi yawo, choncho ntchito yanga inali ya ku damu. M'mutu mwanga zinali zosavuta: Mlamu akakhala moyo, bambo atuluka, poti ananena okha kuti adzamupeze. Ndikaweruka kusukulu ndinkatapa misere pang'ono m'thumba lija, pang'ono zedi kuti isathe iwo asanabwere, n'kuthamanga ndi yunifomu yomwe.

Ndinali mlonda woopsa. Anyamata a malegeni ndinkawagenda ndi zibuma, agalu ndinkawathamangitsa mpaka m'minda. Koma adani anga enieni anali anthu a buledi. Ine ndinalibe chipewa choti ndivule, ndipo misere ndinkaiumira, ndiye ndinkangokuwa ndili patali. Ndinakalipira mtsikana ndi chibwenzi chake mpaka anasamuka pamwala pomwe anakhala. Ndinalanda buledi m'manja mwa kamwana, mayi ake n'kundikoka khutu akufunsa kuti ndine mwana wa ndani wopanda mwambo chonchi. Anthu anayamba kunditcha wapolisi wa abakha. Sindinasamale. Madzulo mayi akabwera kuchipatala ndi kontena ya phala losadyedwa, ndinkawauza kuti Mlamu ali bwino, akawauze bambo. Ankangogwedeza mutu n'kukatsuka kontenayo.

Bambo anamwalira mvula isanagwe. Ndinamva ndikuchokera ku damu, nditaona mipando yathu ili panja ndi nsalu yofiira pageti, chizindikiro cha maliro kuno. Masiku a maliro ndimawakumbukira ngati utsi ndi nyimbo za amayi a chigwirizano, ndi tiyi wa m'ndowa, ndi milu ya buledi imene anthu ankabweretsa kudzatipepesa. Titaika maliro achibale anayala zovala za bambo pamphasa kuti agawane, monga amachitira kuno. Jekete linagwera amalume. Asanalinyamule ndinalitengera kuseri kwa nyumba, n'kutembenuza thumba lija pa pepala. Munatsala misere yosadzaza n'dzanja lomwe. Ndinakanda m'misoko ndi chikhadabo mpaka kutulutsa kambewu komaliza, ndipo mpamene ndinalira, chifukwa ine mbali yanga ndinali nditasunga.

Alendo atabalalika m'nyumba munakhala zii. Tsiku lina masana ndinaona kuti mayi palibe, ndipo sindinadziwe kokawafuna, choncho ndinapita kumene miyendo inazolowera. Ndili pamtunda ndinaona munthu wovala zakuda ataima m'matope, akung'amba buledi. Madzi anali atatsala ochepa ngati bwalo la nyumba, ndipo munali Mlamu yekha, akuthamangira zidutswazo. Mtima unandiwira. Ndinatsetsereka ndikukuwa, "Iwe! Iwe! Usamupatse zimenezo!"

Munthuyo atatembenuka ndinaona kuti ndi mayi. Chikhalire anali asanafikeko ku damu. Ankati zimenezo n'zamasewera za bambo ndi mwana wawo, iwo ali ndi zochapa. Tsopano anali ataima pamenepo, nsapato za kutchalitchi zitamira m'matope, m'manja muli buledi wouma wotsala pamaliro.

"Ndimati ndione kumene ankabwera bambo ako," anatero. "Ndi uyu Mlamu? Sindimadziwa kuti amadya chiyani, mwanawe. Sindinawafunsepo."

Anayang'ana buledi uja ngati wawawotcha. Ndinatulutsa kapepala kaja m'thumba la diresi.

"Tambasulani dzanja, mayi."

Ndinakhuthulira zonse m'dzanja lawo. Sanaponye msanga. Anasendeza dzanjalo kumphuno, n'kutseka maso, ndipo anakhala pansi m'matope momwemo ndi zovala zawo zakuda. Mlamu anadikira mpaka kutopa, n'kuyamba kufufuza yekha m'bango.

Mvula itagwa damu linadzaza, ndipo m'mawa wina ndinamva mluzu uja kumwamba. Abakha onse anali atabwerera. Kwa masabata angapo ndinkakhala pageti madzulo kuyang'ana anthu otsika makombi, chifukwa ndinkaganiza kuti mvula imabweza onse amene anachoka m'chilimwe.

Pano ndine wamkulu kuposa mmene bambo analili, ndipo ndikudziwa kuti pokoleka jekete lija ankadziwa kuti sadzalivalanso. Anandipatsa bakha kuti ndikhale ndi kothamangira masana, ndisamakhale pakhomo kuwerenga nkhope ya mayi. Ndikaona munthu akuponyera abakha buledi ndimamupitirabe, koma sindipita chimanjamanja, ndipo ndisanayankhule ndimayamba ndamuyang'ana kumaso.