Nkhuti za a Adelino

A Adelino anawoloka malire kuchokera cha ku Zobue m'chaka cha 1986, ali mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, nkhondo itapsereza mudzi wa kwawo. Mtendere utabwera, anzawo anakwera malole kubwerera, koma iwo anatsala. Anali atakwatira kale mayi Esime, a m'mudzi wina wa kwa Kanduku, ndiponso kwawoko kunalibe munthu wotsala woti akamufikire.

Munda analibe. Kuchikamwini kumene ankakhala, malo onse abwino anali ndi eni ake. A Masauko, alongo awo a mayi Esime, ndiwo anali eni mbumba, ndipo anawalozera kumunsi kwa dambo kumene chimanga chinkangofiira osakula.

"Alamu, apo palibe amapafuna," anatero a Masauko. "Muone nokha chochita napo."

Dothi la pamenepo linali lomata ngati phula. A Adelino analikanda m'manja, n'kukumbukira kuti kukampu ya othawa nkhondo anaphunzirako kuumba njerwa. Anakhoma chikombole cha matabwa, nabwereka khasu ndi fosholo, n'kuyambapo. Chilimwe chilichonse ankakumba nkhuti yatsopano yotapamo dothi, kuponda dothi ndi mapazi, kuumba, kuyanika, kupanga uvuni ndi kuwotcha. Njerwa zawo zinkalira ngati chitsulo ukazigogoda, moti amalole ankachokera kuboma kudzanyamula. Mpaka lero akamadutsa pa Mwanza amatha kuloza sitolo kapena mpanda wa munthu n'kunena kuti, "Izo ndi zanga."

Dothi labwino kwambiri linali chakum'mawa kwa malowo, ndipo linkalowa pansi. Analitsatira chaka ndi chaka mpaka nkhuti imeneyo inafika poti ankatsikiramo ndi makwerero, dothi n'kumalikweza ndi chingwe. Anthu atatu atakwerana pamapewa, wapamwambayo sakanaonekera. M'menemo ndi mmene munaphulika kasupe. Anayesa kukapa ndi zidebe kwa milungu iwiri, madzi osatha, ndipo anaisiya n'kumakumba kwina.

Mvula ya mu Januwale 2015 ndiyo inamaliza zonse. Inagwa masiku otsatizana, zipupa zolekanitsa nkhutizo zinagumuka, ndipo kutacha bwino panali madzi okhaokha, dziwe loposa bwalo la mpira. Uvuni umene anali asanawotche unasungunukira momwemo. A Adelino anakhala pachulu tsiku lonse osadya, akuyang'ana ntchito ya zaka makumi awiri itamira.

Ankaganiza kuti pofika Ogasiti madziwo aphwa, koma kasupe uja sanalole. Chaka chachiwiri m'mbali munamera bango ndi mlulu. Kunabwera akakowa, abakha a m'tchire, ndi mbalame zina zazitali miyendo zimene ngakhale akuluakulu a m'mudzimo sankazidziwa maina. Milamba inalowa ndi madzi osefukira, ndipo wina anadzathiramo makumba a m'chidebe, n'kuswana. Amayi anatsegula madimba kuzungulira dziwelo, moti mu Okutobala, mapiri onse atauma, pamenepo pokha panali pobiriwira ndi tomato ndi mpiru.

Kenako anthu a kuboma anamva. Loweruka ndi Lamlungu kunkabwera magalimoto ndi njinga za kabaza: aphunzitsi, anamwino, madalaivala a mathiraki odikira mapepala pachipata cha m'malire, ngakhale akwati odzajambulitsa. Ankayala zitenje pansi pa mitengo, kuwotcha nyama, kuwedza, ena n'kumasambira atakwera machubu a galimoto. Mayi Esime ankawagulitsa manachesi ndi chimanga chowotcha. A Adelino, amene msana unali utayamba kale kuwavuta, anamanga mabenchi ndi njerwa zotsala, n'kumadula nsungwi za mbedza zobwereketsa alendo. Palibe anawaika kukhala woyang'anira, koma aliyense ankati "kudziwe kwa a Adelino", ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere m'dziko muno dzina lawo linamatirira pamalo.

Pansi pa madziwo ankapadziwa ngati m'nyumba mwawo, poti anapakumba okha. Mbali yaikulu madzi ankalekeza m'chiuno kapena pachifuwa. Koma chakum'mawa munthu ankatha kuyenda bwinobwino, kenako phazi lotsatira n'kusowa popondapo. Pamenepo anazikapo nsungwi yaitali, namangirirapo nsalu yofiira, ndipo gulu lililonse likafika ankalilonjera ndi mawu omwewo.

"Takulandirani. Kuno konse sambani mmene mungathere. Koma kupitirira nsungwi iyo ayi, pansi pake ndi phompho."

Mu Okutobala 2021 nsungwi ija inawola kutsinde n'kupendama. A Adelino anaizula Lachitatu, ali ndi maganizo oti adule ina mawa lake. Lachinayi msana unawagwira moti sanathe ngakhale kuwerama kuti avale nsapato. Lachisanu linali tchuthi cha tsiku la anakubala, ndipo m'mamawa mayi Esime anawakweza pakabaza kupita nawo kuchipatala. Ali pamzere anakumbukira za nsungwi ija.

"Lero kubwera anthu," anauza akazi awo. "Tiyeni tibwerere."

"Mubwerere mukatani ndi msana umenewu? Tatsala pang'ono kulowa. Anthu ake amabwera masana."

Anafika kunyumba cha m'ma thuu koloko, ndipo ali chapatali anamva kulira. Panali gulu la achinyamata ogwira ntchito yokonza mapepala a katundu pachipata, amene anabwera ndi mabanja awo. Mmodzi wa iwo, a Stafford, bambo wa zaka makumi atatu, ankathamangira mpira umene unagwera m'madzi. Sankadziwa kusambira, koma anaona anzawo akuyenda madzi ali m'chiuno. Anzawowo anangoona manja kawiri, basi. Anali atafufuza kwa ola lathunthu ndi mitengo, osapeza kanthu.

A Adelino sanafunse zambiri. Anavula malaya, nadzimanga chingwe m'chiuno, napatsa amuna awiri kuti agwire. Ankadziwa kuti pakona ya nkhutiyo panali sitepe imene ankaimikapo makwerero, ndipo chilichonse chomira chinkakakamira pamenepo. Atamira kachitatu ndi pamene anagwira mwendo. Atatulutsa thupilo, mkazi wa malemuyo, mayi Anne, amene anali ndi khanda kumbuyo, anagwada m'matope n'kumapukuta nkhope ya mwamuna wawo ndi chitenje, osalira, akungoti, "Dzukani tizipita, mwana wayamba kuvuta."

Apolisi anabwera, nalemba zolemba zawo, n'kunena kuti inali ngozi. Anthu ankati mwina nsungwi ija inabedwa ndi ana ogwetsa mango. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma patapita sabata, komiti ya chitukuko ya mudzi inaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, ndipo makolo atayamba kulozana za ana akuba nsungwi, a Adelino anaimirira atagwira m'chiuno.

"Musanamizire ana. Nsungwi ndinazula ndine. Ndimati ndiika ina, sindinaike."

Aliyense anayamba kuyankhula. Wina anati munthu wanzeru sakumba manda pakati pa mudzi n'kumaitanira alendo. Wina anati ng'ombe yake inatsala pang'ono kufera momwemo chaka chatha. Bambo wina, amene nyumba yake inamangidwa ndi njerwa za a Adelino, anati ndiye kuipa kwake kopatsa malo anthu obwera. Mawu amenewo a Adelino anali asanawamve kwa zaka zambiri. Anayang'ana a Masauko, koma a Masauko anali atazolika, akujambula pansi ndi kamtengo.

Amayi a madimba anayesa kukana, koma msonkhano unagamula kuti dziwe liphwetsedwe, ndipo wokumba ngalande akhale yemwe anakumba nkhuti.

Pobwerera kunyumba mayi Esime anali patsogolo, akuyenda mofulumira.

"Munayankhuliranji? Ndani anakufunsani?"

"Akanamenya ana a eni ake."

"Ndiye pano amenya ndani? Ine ndinabadwira pano, bambo. Mawa ndikatunga madzi ndi anthu omwewa."

Ngalandeyo inawatengera milungu isanu ndi umodzi. Ankakumba pang'ono, n'kugona chagada paudzu kuti msana uphweko, n'kudzukanso. Palibe anabwera kudzathandiza. Tsiku lina m'mawa, atatsala pang'ono kuboola, anaona mayi wovala zakuda ataima pamwamba pa ngalandeyo. Anali mayi Anne. Anabwera okha pakabaza, poti mawa lake ankasamuka kubwerera kwawo ku Thyolo.

"Ndamva zimene munanena kumsonkhano," anatero. "Ndimafuna ndikuoneni."

A Adelino anatuluka m'ngalandemo, navula chipewa. Anafuna kupepesa, koma Chichewa chinawathawa, ndipo chimene chinatuluka chinali chiyankhulo cha kwawo chimene mayiyo sanamve.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi," anatero mayi Anne. "Pamene munawapeza, maso anali otsegula?"

"Anali otseka, mayi."

Mayi Anne anagwedeza mutu, nayang'ana madziwo kwa nthawi. Sananene kuti akhululuka, sananenenso kuti sakhululuka. Anangofunsa njira yachidule yotulukira kumsewu, n'kumapita. Maso aja anali otsegula, ndipo a Adelino ndiwo anawatseka ali m'madzi asanafike kumtunda. Zoti ananama anaulula kwa mayi Esime okha.

Ngalande itabooka, madzi anatsika masiku anayi. Anthu anabwera ndi madengu ndi maneti a udzudzu kudzatola nsomba zimene zinkaphiriphitha m'matope, ndipo kwa sabata mudzi wonse unkanunkha milamba yowamba. Mbalame zinazungulira masiku angapo n'kusowa. Bango linauma, wina n'kulitentha. Koma nkhuti yakuya ija sinaphwe, chifukwa inali pansi kuposa ngalandeyo. Inatsala yokha pakati pa matope ong'aluka, madzi ake obiriwira, m'mbali moterera kuposa kale. A Adelino anayamba kuthiramo zidutswa za njerwa ndi wilibala, kugumula ngakhale mabenchi aja, koma zonse zinkangomira osaoneka kumene zapita. Msana utakaniratu, anaizinga ndi minga n'kuisiya.

Madimba anafa chaka chomwecho. Amayi amene ankagulitsa tomato kuboma anayamba kukagula kwa ena, ndipo ena mwa iwo anasiya kupereka moni kwa mayi Esime, ngati kuti a Adelino ndiwo anagamula. Njerwa sakanathanso kuumba. Ankakhala pakhonde kusoka nsapato ndi kumata zidebe za anthu, ntchito yongopezera mchere.

Mu 2024 mvula inadula chimanga chisanabereke. Mijigo iwiri ya m'mudzimo inayamba kutulutsa mpweya, mbuzi zikufa ndi ludzu. Mu Seputembala a Masauko anafika pakhomo, nakhala pampando kwa nthawi akukamba za kutentha, kenako anafika pamfundo.

"Alamu, anthu akuti ngalande ija itsekedwe. Madzi a kasupe akungotayikira kumtsinje. Ndiye akuti inu ndi amene mukudziwa potsekera."

"Anthu ake ati?"

"Aa, anthu onse. Komiti."

"Ndi omwe aja?"

A Masauko anaseka pang'ono, koma a Adelino sanaseke nawo. Anapitiriza kubaya nsapato imene inali pabondo pawo. Patapita nthawi anafotokoza kuti pamene ngalande imadutsa pakati pa miyala iwiri ndi pamene pali pansi polimba, kuti ayale miyala kaye, kenako matumba a dothi la makande, osati mchenga, ndipo asiye kampata pamwamba kuti mvula ikachuluka isagumule.

"Simubwera kudzationetsa?"

"Ndakuuzani zonse. Koma dzenje lija mulikwirire kaye madzi asanakwere. Pakufunika malole a miyala, osati wilibala."

"Zimenezo tiona bwino lake," anatero a Masauko akuimirira.

Anatseka ngalandeyo Loweruka lotsatira, amuna khumi ndi awiri, tsiku limodzi lokha. Malole a miyala sanabwere. Madzi anakwera pang'onopang'ono, naphimba matope, naphimbanso minga ija, ndipo mvula ya chaka chotsatira itagwa dziwe linabwerera pafupifupi pamene linali. Amayi atsegulanso madimba, ndipo masiku otentha ana asukulu amavula mayunifolomu n'kudumphiramo.

Kuchokera pakhonde la a Adelino kukafika kudziweko ndi mtunda woti munthu akaitana umamva. Sanapiteko chitsekereni ngalande. Akamva phokoso la ana kumeneko amaika pansi nsapato ndi singano, n'kukhala chete kumvetsera mpaka onse atatuluka m'madzi ndi kudutsa panjira ya kuseri kwa nyumba yawo. Pakatero m'pamene amapempha mayi Esime madzi akumwa.