Makina Amene Amalume Anasankha

Chaka chimene anthu anayamba kuvala poyera nsalu za zipani zosiyanasiyana, ine ndinali nditangomaliza Fomu 2. Ndinali kwathu kufupi ndi Madisi, kudikira kuti sukulu itsegulidwe ndibwerere kugonera komweko.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali mlimi wa fodya, koma mtima wawo unali pa zitsulo. Fodya akatha ankalowa m'kashedi n'kumapala zitsulo ndi tupa, kupanga mapini a ngolo ndi tinthu tina timene palibe anawatuma.

Mzungu wina amene ankayang'anira galaja ya kumishoni anali pafupi kubwerera kwawo. Anauza amalume kuti asankhe amodzi mwa makina ake awiri osemera zitsulo, kuti awasiyire. Amalume ananditenga kuti ndikawamasulire.

Oyamba anali akale, okhala ndi zigwiriro zopukusa ndi manja. Enawo anali aang'ono, olumikizidwa ku kompyuta. Mzunguyo analemba manambala, makinawo n'kuyamba kusema okha kachitsulo mpaka kanatuluka kosalala. Amalume anakakanda ndi chikhadabo, anakagwetsa pasimenti kuti amve kulira kwake, kenako anamwetulira.

"Iwe, tamufunsa. Makina awa amamva Chichewa?"

Ndinafunsa. Mzunguyo anaseka, nati amamva Chingerezi ndi manambala basi. Anawonjezera kuti makinawo ayenera kukhala pagalajapo chifukwa cha magetsi, ndiponso amafuna munthu wowalembera nthawi zonse.

"Palibe vuto," anatero amalume. "Chingerezi chilipo m'mbumba mwanga. Muuze kuti ndatenga awa."

Mawu amenewo ndinawamasulira ndekha, ndi pakamwa panga.

Panjira ndinayesa kulankhula. "Amalume, a manja aja ndi olimba. Mukanawayendetsa nokha, ngakhale magetsi atazima."

"A manja ndili nawo kale," anatero akutambasula zikhatho. "Awa ndi chiyani? Masupuni?"

"Nanga sukulu?"

"Sukulu ili ndi miyendo kuti ithawe?"

Kunyumba ndinagwada pafupi ndi amayi pamene ankasenda mtedza. Sanandiyang'ane. "Amalume ako ndiwo mwini mbumba. Ine ndinene chiyani?" Bambo anali mkamwini pamudzipo. Anamva zonse ali pakhonde, n'kunyamuka kupita kukaona mbuzi.

Sukulu inatsegulidwa. Anzanga anakwera basi ndi masutikesi awo, ine ndikuwaona pa zenera la galaja. Ndinkakhala pakampando kulemba manambala, amalume ataima kumbuyo kwanga, kununkha fodya ndi mafuta a makina. Ndikalakwitsa nambala imodzi, kampeni kosemera kankathyoka, iwo n'kung'ung'udza. Madzulo ndinkapeza tizidutswa ta chitsulo m'tsitsi.

Tsiku lina ndinaimirira n'kuwakokera mpandowo.

"Khalani apa, amalume. Batani ili ndi loyendetsa kumanja. Ili ndi la kutsogolo."

"Ine ndi zala izi? Ndidina awiri nthawi imodzi."

"Ndiye dinani ndi kachala kakang'ono."

Anadina ngati akugwira chiwaya chamoto. Makina anasuntha pang'ono n'kuima. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mukadziwa onsewa, teremu ikubwerayi ndipita kusukulu," ndinatero mosawayang'ana.

Anawerama pafupi ndi mabataniwo, n'kuloza lina.

"Nanga ili ndi la chiyani?"