Miono ya Ada Longwe

Fungo la nyama ya mvuu yowamba silinandichoke mpaka lero. Linali fungo la mafuta odontha pamakala, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni za mphira, ndipo ndisaname, likandibwerera m'mutu malovu amadzazabe m'kamwa. Pamenepo m'pamene manyazi amandigwira. Chilimwe chimene ndinakhuta koposa pa ubwana wanga n'chomwenso mnzanga Tamala anasamuka chifukwa cha njala.

Ife tinali obwera. Tinachoka ku Mulanje bambo atapeza ntchito yocheka mitengo ya mphira pa esiteti, ndipo poti nyumba za antchito zinali zitadzaza, tinapatsidwa malo m'mudzi wa Atonga, panjira yopita ku Chintheche. Kuseri kwa nyumba yathu kunali dziwe lalitali lokhota ngati chikwakwa, lomwe eni ake ankalitcha Masiye. Ankati kale mtsinje unkadutsa pamenepo, koma chaka china cha chigumula unaboola njira yachidule yopita kunyanja n'kusiya nthambi yake yakale ili yokha. Chomwe chinkalumikizabe dziwelo ndi mtsinje chinali kangalande kakang'ono kodutsa m'bango, koti munthu wamkulu madzi ankamulekeza m'chiuno.

Dziwelo linali ndi eni ake ambiri. M'mawa akakowa ankayera pa mtengo wa msambamfumu wa tsidya lija, atsekwe ankalira m'gumbwa, ndipo ng'azi zinkaothera dzuwa pa chitsa chomwe amayi ankachapirapo. Azimayi ankaviika chinangwa m'mphepete, aliyense pamalo pake, moti mphepo ikawomba kuchokera kumeneko inkanyamula fungo lowawasa la kondowole wa mawa. Ndiye panali mvuu. Inali imodzi yokha, yaikazi, yokalamba, khutu limodzi long'ambika. Masana tinkangoona mphuno ndi maso, koma m'mawa uliwonse tinkapeza mapazi ake m'matope, chifukwa inkayenda m'kangalande kaja popita kumtsinje ndi pobwera.

Oyandikana nafe anali Ada Longwe, bambo ake a Tamala. Anali munthu wamfupi wosalankhulalankhula, wa mwendo umodzi wopuwala, moti bwato la kunyanja sankalitha. Moyo wawo wonse unali m'kangalande kaja. Ankaluka miono ya bango n'kuitchera mmenemo, ndipo nsomba zochokera kumtsinje, ntchila, milamba ndi matemba, zinkalowamo zokha. Mayi ake a Tamala anali atamwalira, choncho nsombazo n'zimene ankasinthanitsa ndi ufa wa chinangwa kwa azimayi a m'mudzimo. Ine ndi Tamala tinkawanyamulira dengu. Iye ankandiphunzitsa Chitonga n'kumandiseka kuti ndimalankhula ngati ndavwira mbatata yamoto, ine ndinkamubwezera pomuseka Chichewa chake.

Mvula italeka, bambo anaona dothi lakuda la m'mbali mwa kangalandeko, lachinyontho, lopanda wolima. Mtima unawapweteka. Kwathu ku Mulanje malo otero anthu akanatemana nazo zikwanje. Tsiku limene anayamba kuswa mphanje kuti apange dimba, Ada Longwe anabwera akutsimphina n'kuima pambali.

"Ada, apa musalime," anatero m'Chichewa chawo cholemera. "Iyi ndi njira ya chigwere. Ise tikuisiya dala."

Chigwere ndiye mvuu. Bambo anawayankha mwaulemu, koma atabwera kunyumba anauza amayi kuti Atongawa akungochita kaduka ndi malo omwe iwo eni akulephera kulima. Sanafunse kuti amaisiyiranji. Paja amati safunsa anadya phula, koma ife sitinadye phula, tinadya nyama, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Chimanga chinamera bwino zedi. Ine ndi amene ndinkathirira ndikaweruka kusukulu, ndipo ndinkachikonda ngati changa. Chitangoyamba kumasula, tinapita m'mawa wina n'kupeza theka la dimba lili mbee, mapesi atapondedwa, ndowe zili mbwee. Ndinalira mpaka kugubuduka. Ndikuganiza kuti kulira kwangako n'kumene kunawadzutsa bambo, chifukwa tsiku lomwelo anavala malaya awo a kutchalitchi n'kupita kwa tcheyamani wa chipani.

Pamsonkhano umene unaitanidwa, Ada Longwe anayesa kufotokoza. Anati mvuuyo ndi imene imatsegula ngalande ndi mimba yake, ndipo ikachoka bango lidzatseka njira ya nsomba. Anthu ena anagwedeza mitu kuvomereza, koma tcheyamani anafunsa Ada Longwe funso limodzi lokha, ngati iwo akutsutsana ndi boma lomwe likuuza anthu kuti alimbike kulima. Masiku amenewo funso lotero linalibe yankho. Ada Longwe anakhala pansi n'kumayang'ana ndodo yawo.

Mlenje wa boma anabwera ndi mfuti yaitali ndi nsapato zonyezimira. Anaiwombera mvuuyo m'mawa, mbalame zonse za padziwe zinauluka nthawi imodzi, ndipo dzuwa litapendeka mvuu inayandama miyendo ili m'mwamba. Amuna anaikoka ndi zingwe akuimba. Ine ndinavina, abale, ndinavina kutsogolo kwa ana onse, chifukwa mbava ya chimanga changa inali itafa. Ife monga odandaula tinalandira ntchafu yonse. Amayi anaidula mizongo n'kuiyanika pa thandala, ndipo kwa milungu yambiri tinkadya nyama m'mawa ndi madzulo mpaka masaya anga anayamba kunyezimira. Ada Longwe anakana gawo lawo. Tamala ankabwera kudzadya kwathu mobisa, n'kumapukuta pakamwa ndi masamba asanabwerere.

Kenaka dzuwa linakula. Madzi anayamba kutsika monga ankachitira chaka chilichonse, koma ulendo uno panalibe choyenda m'kangalandemo. Matope anakhazikika, bango linaphukira pakati penipeni, udzu unalukana pamwamba. Dengu lomwe tinkanyamula awiri linayamba kunyamulika ndi dzanja limodzi, kenaka Ada Longwe analeka kutiitana. Madzi a m'dziwe anasanduka obiriwira, ndipo azimayi anayamba kudandaula kuti chinangwa chikuvunda chisanafewe. Palibe amene anatinena pamaso, koma amayi akafika pamalo oviikira, nkhani zinkatha.

Bambo anaziona zonsezi. Sanali munthu woipa, ndipo anayamba kuchepa mawu. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankavula malaya, kutenga khasu ndi chikwanje, n'kulowa m'kangalandemo kukakumba. Ada Longwe ankakhala pamtunda kukoka bango lodulidwalo. Koma chimene amuna awiri ankatsegula Lamlungu, pofika Lamlungu linalo chinali chitatsekekanso. Mvuu inkagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku popanda woipempha.

Tamala anayamba kuonda. Nyama yathu inali itatha, ndipo amayi akamuitana kudzadya, ankati wadya kale, maso ali pa mbale. Tsiku lina anandiuza kuti akupita ku Ruarwe kwa azakhali ake, komwe amuna awo anali ndi ukonde, ndipo abambo ake azikasoka maukonde kumeneko. Ine ndinakwiya, ndinamuuza kuti akundithawa. Sindinalumikize n'komwe nkhaniyi ndi dimba langa, lomwe panthawiyo tinali tikudyako mondokwa.

M'mawa wa tsiku la ulendo, Ada Longwe anafika pakhomo pathu atasenza miono yawo yonse, yomangidwa pamodzi ndi luzi. Anaitula pamaso pa amayi.

"Amama, tengani. Kunyanja yaikulu siigwira ntchito. Muziikamo anapiye, mphamba asawatole."

Bambo anatuluka m'nyumba n'kugwada pansi, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchitira munthu aliyense. Anati pepani, kawiri.

"Munali alendo, simunadziwe," anatero Ada Longwe. Anakonza ndodo m'manja. "Kweni ndinanena." Kweni ndiye koma.

Tamala sindinamuonenso. Ndinamva patapita zaka kuti anakwatiwa ku Usisya, koma sindinalimbe mtima kukamufunafuna.

Chaka chatha ndinadutsako. Mudzi uja tsopano ndi tauni ndithu, ndipo Masiye lazunguliridwa ndi nyumba za malata, chigayo ndi malo ogona alendo. Akakowa akadalipo, alendo amawajambula. Pamene panali kangalande pali bwalo la mpira, ndipo ana amene ndinawafunsa anandiseka nditawauza kuti dziwe lawolo linali mtsinje.

Ndili mwana ndinkadziwa kuti mvuu inatibera chimanga, boma linatithandiza, ndipo oyandikana nafe anatisiyira mphatso posamuka. Lero ndikudziwa kuti munthu uja anatisiyira ntchito ya manja ake chifukwa tinali titaiphera pogwira. Bambo ankazungulira kuseri kwa nyumba kuti asadutse pamene panali mionoyo. Koma anapiye anakuliramo bwino, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatengedwa ndi mphamba, ndipo nkhuku zimenezo tinadyanso.