Tinanyamula Barnaba pa Lole Yomwe Inamupha

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kudzuka, poti mafupa anga ndi mchenga wa pasiwa sizinamvane usiku wonse. Azimayi a kutchalitchi anali ataimba mpaka mawu kusasa. Moto wa azibambo unali utazilala, ndipo amene anafika akulira kwambiri ndi omwe ankaliza mkonono kwambiri.

Malemuyo anali Barnaba, mwana wa mlongo wanga, wakabaza wa njinga yamoto. Anakulira m'bwato, pachilumba pano, kuno ku Mbungo. Njinga yakapalasa sanaipalasepo, m'galimoto sanakhalepo kutsogolo. Anangotula nkhafi n'kukwera chinthu chobangula. Panyanja aliyense amamuona mnzake akadali patali, ndiye iye ankayesa kuti pamsewu n'chimodzimodzi. Ku Chipyela anadzipanikiza kumanzere kwa lole imene inkakhota kutsikira kudoko, poganiza kuti dalaivala akumuona. Ine ndinayendetsapo lole kumtunda, ndipo ndinamuuzapo kuti kumanzere kuja lole ilibe maso. Anaseka, nati magalimoto anga anali a nthawi ya atsamunda.

Kutacha, mwera unayamba. Utsi wa kophikira unkalowa anthu m'maso, n'kuthandiza ena amene misozi inkawavuta. A ku Khuyu anafika wapansi, a ku Kobwe pa boti, atanyowa. Akabaza anzake a Barnaba anabwera mondondozana, akuliza mahutala ngati ukwati. Pakati pawo panali mng'ono wake, Kefasi, amene anali atayamba kale kufunsa ngati njinga ya malemu ingawongoke. Mlongo wanga watsala ndi mwana yekhayo.

Kutchalitchi n'kutali, ndipo pachilumba pano magalimoto ndi owerengeka. Imene inapezeka yonyamula bokosi inali lole yomwe ija. Mwini wake anaipereka ngati chipepeso, ndi dalaivala wina. Anthu anang'ung'udza, koma palibe anapereka phewa lake kuti akwere nalo chitunda cha kutchalitchi.

Injini isanalire, ndinamugwira Kefasi pamkono.

"Kwera, ukhale pampando wa dalaivala."

"Amalume, pamaliro?"

"Kwera. Mkulu wako sakuthamangira kulikonse."

Atakhala, ndinazungulira n'kukaima kumanzere, pafupi ndi tayala, pamene Barnaba analowera. Ndinagwedeza ndodo yanga.

"Ukundiona?"

"Muli kuti?"

Ndinakodola akabaza awiri, anadzaima nane.

"Nanga pano?"

Kefasi anasuzumira uku ndi uku, osationa. Anatsika atagwira pakamwa.

Tinayenda pambuyo pa lole, fumbi lake tikulimeza pamodzi ndi nyimbo. Kumanda, adzukulu anali atalimbana ndi miyala mpaka manja kuchita matuza. Wolankhula m'malo mwa akabaza anati Barnaba anali katswiri pamsewu. Ndinatsokomola kwambiri, anthu n'kumayesa kuti chisoni chandigwira pakhosi.

Madzulo, anthu atabalalika, tinatsala atatu m'nyumba. Kefasi anauza mayi ake kuti njinga ija saigwira kaye. Ayamba wakagwira ntchito yothandiza pa lole ija, aphunzire zimene dalaivala amaona ndi zimene saona. Ine ndinakhala bwino pampando, kudikira kuyamikiridwa. Mlongo wanga sanandiyang'ane n'komwe.

"Achimwene," anatero, "m'mawa lole yanyamula wamkulu, madzulo mwaipatsa wamng'ono."

Anadzuka n'kuyamba kupinda mphasa za olira.